Kuyanika Katalisiti ku Nechells

Pulani inabadwira mu pabu ya ku Bordesley Green mu Birmingham, mowa utayamba kuyankhula. Laison, amene anzake ankamutcha Injiniya chifukwa ankakolopa mu labu ina ku Nechells, anati azungu a kumeneko ankayesa katalisiti, timibulu tochotsa naitirojeni m'mafuta ofinyidwa m'miyala. Togwira kale ntchito ankatitsekera m'diramu kuseri, ndipo munali zitsulo zomwe a sikirapu amalimbirana.

"Amwene, diramu imodzi basi, tonse tili mu Benz," anatero.

Bishop, yemwe ankapempherera ngakhale mowa, anadalitsa pulaniyo. Wallace anabwereka vani. Laison sanawauze kuti mkazi wake Helen, namwino, anali atamuchenjeza kuti chibwana chimodzi chokha, adzapeza sutikesi yake panja.

Lamlungu masana, Helen ali ku shifiti, diramu inakwera vani popanda ngakhale galu wouwa. Atatsegula kunyumba kwa Laison anapeza timibuluto tili tonyowa, tonona mafuta, tonunkha ngati dzira lovunda.

Apa nzeru zakumudzi zinadzuka. Ndani anagulitsapo mtedza wosauma? Wogula amakudula mtengo. Laison anatulutsa zitenje za Helen za Mvano n'kuziyala m'kagadeni, ndipo atatuwo anayanika katalisiti mwaluso, Bishop akutakasa ndi chipande ngati mphale. Kenako anakhala pamthunzi kutsegula makani a mowa.

Palibe anadzifunsa chifukwa chimene azungu ankamangira diramuyo mothina chotero. Timibulu totere tikakumana ndi mpweya timatentha tokha.

Utsi utayamba, Wallace anati ndi nthunzi chabe, zikuuma. Chitenje chitayaka, Bishop anayamba kudzudzula ziwanda, Laison akuzima ndi manja. Aneba anaimbira ozimitsa moto, ozimitsa moto anawerenga dzina la labu pa diramu, ndipo apolisi anatseka msewu wonse.

Atatuwo anapita kuchipatala pa ambulansi, akutsokomola ngati nkhuku zachitopa, wapolisi atakhala pambali. Laison ankapemphera kuti agwere m'manja mwa namwino aliyense wa mu Birmingham muno kupatula mmodzi.

Nsalu yotchinga bedi itatseguka analowa Helen. Anayang'ana dzanja lopsa, n'kuona kachidutswa ka chitenje komwe Laison anadzimanga nako. Anamuveka chopumira mofatsa, monga anaphunzirira.

"Pumani bwino, bambo a Anita," anatero. "Sutikesi ndikutumizirani kupolisi konko."