Tsiku limene sing'anga analowa m'kafukufuku wanga wa mpunga

Mpaka lero ndikaona pulojekita ikuyaka, ndimayang'ana kumene kuli khomo. Zonse ndikunenazi n'zoona, wokayika akafunse amene analipo.

Ndine mlangizi wa zaulimi kuno ku Phalombe, ndipo kuti andikweze pantchito pankafunika dipuloma. Kafukufuku wanga womaliza anali wa mpunga wa kuchigwa. Aphunzitsi athu, mayi wosaseka wamba, anatichenjeza kuti mfundo iliyonse ya pa intaneti izikhala ndi linki yake, kuti wofuna akadzionere yekha.

Kwathu ku Mkhumba netiweki ndi yamanyazi, imapezeka pamwamba pa mtengo wa mango basi. Ndinakwera. Tsamba lina lofotokoza bwino za mpunga linayamba kutseguka mango ali maluwa, linamaliza ndikudya akupsa (sindikuwonjezera). Linki ndinaikopera mosamala. Zosunga tsamba lenilenilo ayi, foni inali itadzaza ndi mavidiyo a ukwati wa mlamu wanga.

Tsiku lofotokoza kafukufuku linakwana. Aphunzitsi kutsogolo, anzanga kumbuyo, ine pakati ndi jekete.

"Bambo, zoti mpunga wookera umabereka kuposa wofesa mwazitenga kuti?" anafunsa mayi aja.

"Pa intaneti, madamu. Dinani linkiyo," ndinatero, chifuwa patsogolo.

Anadina. Khoma lonse linadzaza ndi chithunzi cha bambo wovala chikopa cha nyalugwe, mchira uli m'manja: TIMABWEZA MKAZI WOTHAWA. MPHAMVU ZA ABAMBO ZILIPONSO. Eni tsamba la mpunga anali atalisiya, adilesi yake n'kugulidwa ndi sing'anga.

Mnzanga wina anaseka mpaka kugwa ndi mpando womwe.

"Katswiri wanu wa mpunga ndi ameneyu?" anafunsa mayi aja.

"Chaka chatha anali katswiri, madamu. Kaya moyo wamuvuta."

"Munalemba tsiku lomwe munaliwerenga? Munalijambula?"

Ndinati ndili ndi mboni, mkazi wanga, amene ankandigwirira makwerero.

"Sanathawe?" wina anakuwa kumbuyo (ndikumudziwa, ndipo tidzakumana).

Anandibweza kuti ndikakonze, kukwezedwa kuja n'kudikira chaka china. Ndikutuluka, mphunzitsi wina wa imvi, yemwe analinso mkatimo, ananditsatira mpaka poimika njinga.

"Achimwene, zimachitika, pepani," ananong'ona. "Koma linki ija tanditumizirani. Akuifuna ndi mnzanga wina."

Ndinawatumizira. Masiku ano tsamba lililonse ndimalijambula, ndaphunzira. Komabe pa zonse zimene ndinatchula m'kafukufuku uja, linki imeneyi yokha ndiyo inathandiza munthu.