Tologeti Yanga ndi Maliro a Amalume Amoyo

Ndivomere pachiyambi pomwe kuti amene anayambitsa zonsezi ndine. Kwathu kuno, kumtunda kwa Malindi, ena amati wolakwa anali amene anafalitsa uthenga pafoni, ena amanamizira chivomezi. Ayi, asandilande ulemu wanga. Nthambi zija ndinathyola ndekha, mutu wanga uli bwinobwino.

Pakati pa mudzi wathu ndi msewu wopita kumsika pali kamtsinje, ndipo pakamtsinjepo pali mlatho wa matabwa wokhala pa zipilala ziwiri za njerwa. Tsiku lina masana nthaka inagwedezeka, kachivomezi kongogwetsa makapu pathandala basi. Tinaseka, n'kuiwala. Koma chipilala chimodzi chinang'ambika, mng'alu woti dzanja langa linkalowa lonse, ndipo kuyambira pamenepo mlathowo unapendekera mbali imodzi. Amayi anga amagulitsa usipa, amawoloka pamenepo kawiri patsiku beseni lili pamutu. Mmawa wina thabwa linawapendamira, anagwada mwadzidzidzi, theka la usipa n'kubwerera m'madzi. Bondo linatupa sabata yathunthu. Atachira ankawoloka pang'onopang'ono, milomo ikuyenda ndi dua, pemphero lathu la Chisilamu, ine ndikuwayang'ana kutsidya mtima uli m'mwamba. Aliyense m'mudzimo ankangoti abwera adzakonze, koma obwerawo sankadziwika dzina.

Miyezi itatu inadutsa choncho. Kenako aphunzitsi athu a jogalafe ku Fomu 3 anatifotokozera kuti ife a kunyanja tikukhala m'chigwa chimene nthaka yake inang'ambika kalekale, ndiye zivomezi sizidzasiya kutichezera. Anati kumayiko ena anthu owoloka milatho amalipira pachipata, ngati matologeti a m'misewu ikuluikulu ija, ndipo ndalamazo amagulira zitsulo ndi simenti zolimbitsira mlatho kuti chivomezi chikabwera usagwe. Anzanga ankayasamula. Ine makutu anaima. (Ndisadzionetse ngati munthu wachitukuko kwambiri. Theka la mtima wanga linali pa bondo la amayi, theka linalo linkangofuna kuona akabaza akumanga mabuleki chifukwa cha ine.)

Loweruka mmawa, amayi atapita kumsika, ndinatenga katoni ndi khala n'kulemba kuti: TOLOGETI YA CHIVOMEZI. NJINGA K100, WAPANSI K50, MBUZI ULERE. Ndinapingasa nsungwi pakhomo pa mlatho, n'kuika mbale yapulasitiki pamwala, n'kuima chilili ngati munthu wolembedwa ntchito.

Ola lathunthu mbale inali mbee. Mayi wina anadutsa pansi pa nsungwiyo akundilonjeza kuti akandinenera kwa amayi. Wakabaza wina dzina lake Yusufu anakankha nsungwi ndi phazi osatsika n'komwe, akufunsa ngati sukulu masiku ano ikuphunzitsa umbava wamasana. Mbuzi, zimene ndinazikomera mtima zija, zinadya ngodya ya katoni.

Ndipamene maganizo oipa anandifikira, ndipo anafika atavala bwino. Ndinadzifunsa kuti n'chiyani chimene chimatsitsa munthu panjinga popanda womuuza. Yankho ngakhale mwana wa sitandade wani amalidziwa: nthambi zamasamba aawisi pamsewu. Zikaikidwa, ndiye kuti pafupi pali maliro, wanjinga amatsika, wailesi imazimitsidwa, wolongolola amatseka pakamwa. Ndinadziuza kuti ine sindinama, ndikungofuna anthu achepetse liwiro kuti awerenge katoni yanga. Ndinathyola nthambi za mango, n'kuyala tsidya lino ndi tsidya linalo. Pomwe ndinkamaliza, mphepo inagwetsa katoni ija chafufumimba. Ndinaiona. Sindinaidzutse.

Bambo woyamba anatsika panjinga patali ndithu, anabwera akukankha, anaponya K200 m'mbale, n'kundigwira paphewa akuti pepa mwana wanga. Chiseko chinandigwira pakhosi. Ndinaweramitsa mutu kuti asandione, mapewa akugwedezeka, misozi ikutuluka yeniyeni. Wachiwiri ataona mapewawo anaika K500. Yusufu atabwerera anatsika mwaulemu, anapepesa chifukwa cha mawu ake a mmawa, n'kukhuthula zonse zimene anapeza tsikulo. Kenako anandiweramira n'kufunsa chapansipansi:

"Kodi ndi a Che Saidi?"

Ndinafuna kuyankha kuti ayi, Mulungu ndi mboni. Koma potsegula pakamwa chinatuluka ndi chiseko chotsamwa chija, chomveka ngati munthu akusisima. Yusufu anagwira kumutu, n'kutulutsa foni.

Pali zinthu zitatu zimene ndinaziiwala, ndipo zonse ndinazikumbukira pamene Yusufu ankaimba. Nyumba yoyandikana ndi mlathowo ndi ya amalume anga, a Che Saidi, mlongo wawo wa amayi. Mmawa womwewo mudzi wonse unawaona akukwera njinga yamoto kupita kuchipatala ku boma chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Ndipo foni yawo anaisiya kwa wometa kuti iziwonjezera moto, yozimitsa. Ndiye munthu ukaona nthambi pakhomo pawo, mphwawo ataweramira mbale akulira, foni osalowa, uganiza chiyani?

Kwathu kwa Asilamu maliro sagonetsa. Munthu akamwalira mmawa, dzuwa lisanalowe amakhala ataikidwa, ndiye uthenga ukangomveka palibe amene amakhala pansi kufunsa mafunso. Pasanathe maola awiri amuna anali atanyamula makasu ndi mafosholo kupita kumanda. Ena anathamangira kumzikiti kukatenga jeneza, chonyamulira maliro chija. Wina anapita kukagula nsalu ya sanda yokulungira mtembo. Azimayi anadzaza pabwalo pa amalume, ndipo akazi awo pochokera kudimba anangofika pakhomo n'kugwa.

Apa chiseko chinali chitauma. Ndinayamba kukoka nthambi kuti ndizichotse, koma mkulu wina anandiletsa, akundiyamikira kuti ndine mwana woganiza, ana a masiku ano sadziwa n'komwe zoika nthambi. Ndinaganiza zothawa, koma mbale inali itadzaza, ndipo kuthawa ndi chipepeso ndi mlandu wina wapadera. Kuisiya pamwala mbuzi zili pompo sindikanatha. Ndinangoima, anthu akuponyabe, ine ndikuti zikomo.

Ndiye ndinaona amayi akuchokera kumsika akuthamanga, opanda beseni, opanda masilipasi. Mlatho womwe ankauwoloka ndi dua uja anaudutsa osauyang'ana n'komwe, matabwa akudumpha pansi pa mapazi awo. Anandipitirira akuitana dzina la mlongo wawo. Pa nkhani yonseyi malo okhawa ndi amene sindiseka ndikamakamba. Ndinaika mbale pansi, ndinatsimikiza kuti ndikaulule, ngakhale andimenye.

Ndisanasunthe, njinga yamoto inaima kutsidya n'kuzima. Munthu anatsika kumbuyo, anawoloka wapansi mwaulemu monga mwambo umanenera, dzanja lina atanyamula kapepala ka mankhwala, lina buledi. Anapisa m'thumba, n'kuponya K1,000 m'mbale.

"Watisiya ndani, mphwanga?"

"Akuti ndinu, amalume."

Anayang'ana khamu la pabwalo pawo, anayang'ana jeneza litatsamira pamtengo wawo wa mango, anandiyang'ana ine. Kenako anawerama n'kutenga K1,000 yawo ija, n'kuibwezera m'thumba.

Zimene zinachitika atalowa pabwalo ndinazionera kuseri kwa nkhokwe. Azimayi anabalalika ngati nkhuku zaona kabawi, mmodzi anadumpha mpanda wa udzu umene sindikukhulupirira kuti angaudumphenso. Akazi awo anadzuka, anawaona, n'kugwanso. Amayi okha sanathawe. Anawagwira kumaso, anawagwira pamimba, analira kuposa poyamba, kenako anapukuta misozi n'kuyamba kuyang'anayang'ana uku ndi uku. Ndinadziwa amene ankamufuna.

Anandipulumutsa ndi ashehe, amene anati mwanayo asamenyedwe asanalankhule. Ananditumiza kukatenga umboni, ndipo ndinabwera ndi katoni yodyedwa ndi mbuzi ija, n'kuiwerenga mokweza pamaso pa anthu onse, mpaka pa mbuzi ulere. Ndinayamba kufotokoza za chigwa chong'ambika ndi za maiko olimbitsa milatho ndi ndalama za pachipata, koma amalume anati chigwacho ndikachisiye kusukulu. Anakhala pampando, anaika buledi pamiyendo, n'kuyamba kuyang'ana anthu mmodzimmodzi, ngati akuwerenga amene abwera ndi amene sanabwere. Okumba manda anali atawaitanitsa, ataima m'mbali thukuta lili kamukamu.

"Ndathokoza, mumandikonda," anatero amalume. "Maola awiri okha, makasu onsewa apezeka. Mlongo wanga anatsala pang'ono kuthyoka mwendo pamlathopo, miyezi itatu khasu ndi limodzi lomwe silinapezeke. Ine lero sindifa, adokotala akana. Makasu mwabwera nawo kale, tiyeni kumtsinje."

Wina anaseka kumbuyo, chiseko n'kufalikira, ngakhale amayi sanalowemo. Za mbale ija ashehe anagamula kuti ndalama zinaperekedwa pa maliro amene kulibe, choncho zibwerere kwa eni ake, ndipo wofuna kuperekanso apereke akudziwa chimene akuperekera. Ndinazungulira nayo mbale gulu lonse. Ambiri anangoigwedezera dzanja kuti ipite ku simenti. Yusufu anatengamo theka la zake, akuti munthu sangapusitsidwe ndi mwana wasukulu n'kulipiranso zonse.

Madzulo omwewo amuna anachirikiza mlatho ndi mitengo. M'masabata otsatira anagula simenti ndi zitsulo, ndipo mmisiri wa m'mudzi momwemo anagwetsa chipilala chong'ambika chija n'kumanga chachikulu, chokhala ndi zitsulo mkati. Akabaza anagwirizana okha kuti tsiku lililonse la msika aziponya kenakake m'chitini chokhala pagolosale, mpaka chipilala chachiwiri chimangidwenso chimodzimodzi chivomezi china chisanabwere. Amachitcha chopereka. Ndikawauza kuti imeneyo ndi tologeti yanga yomwe ija, amandithamangitsa. Amayi anakhala masiku anayi osandilankhula, chakudya ankangochikankhira kumene ndakhala, koma lero amawoloka beseni lili pamutu akulankhula pafoni.

Chilango changa chinali pawiri. Holide yonse ndinatuta mchenga wa mlathowo ndi ndowa, zimene zinandipatsa mapewa amene atsikana a m'kalasi mwathu awaona kale. Chachiwiri chinali cha mmawa wa tsiku lotsatira maliro abodzawo: kukafotsera ndekha dzenje limene anthu anakumbira amalume. Mwini wake anandiperekeza atanyamula kampando kake. Anafika n'kusuzumiramo nthawi yaitali, n'kuyamba kudandaula kuti dzenjelo n'lalifupi, akanawaika atapinda miyendo, ndiponso mthunzi wake si wabwino. Anandilamula kuti ndipondeponde dothi zolimba chifukwa sakulifuna posachedwa. Ndinafotsera mpaka dzuwa kufika pamutu, iwo akundiongolera ndi ndodo pomwe ndasiya mpata.

Pobwerera anandifunsa ngati ndalapa. Ndinati eya amalume, ndalapa kwambiri. Anandiyang'ana m'mbali, osakhulupirira ngakhale pang'ono.

"Mjigo wa kumsika uja watha chaka uli chiwonongekere," anatero. "Sindikukutuma ayi. Koma zikakufikiranso zimene zimakufikirazo, ine usandiphe kawiri. Usankheko wina."

Ndinawayankha kuti sindingayerekezenso. Koma kunena zoona, mayina atatu ndili nawo kale.