Ndagwirizanitsa Ogulitsa Ufa

Zilembozi n'zokhotakhota, pepani. Sukulu ndinalekera Sitandade 4.

Lolemba
Kusupamaketi kumene ndimasanja katundu m'mashelefu, Mai Tembo a ku Chipata, otiyimira kuyuniyoni ya antchito, aima pamaso pa manejala osanjenjemera. Tonse kumbuyo kwawo, ine kumbuyo kwa onse. Tapata: mamasiki aulere, galasi pamatilu, wodwala korona azilipidwa ali kunyumba. Mayi ameneyu! Akuti tikalankhula chimodzi, mabwana amamva.

Lachiwiri
Nanenso ndichitepo kanthu. Mai Banda ndi Nagama a kwaya yathu ali ndi timashopu toyandikana ku Girrawheen, dera lomwe timakhala kuno kutsidya kwa nyanja. Uyu akatsitsa ufa, uyunso atsitsa. Moni anasiya kupatsana, ndipo ine ndimaimba pakati pawo, mtima uli m'mwamba. Kumsika kwathu kumudzi tinkapangana m'mawa, mulu wa tomato mtengo umodzi. Ndiwagwirizanitsa!

Lachitatu
Abwera kwanga. Tiyi, zitumbuwa, sanitayiza, mipando motalikirana. Ndikulankhula ngati Mai Tembo, dzanja m'chiuno. Avomera mtengo umodzi. Agundanitsa zigongono!

Lachinayi
Ufa wakwera konsekonse. Kapenta nayenso. Pabuleki kuntchito ndikuwafotokozera Mai Tembo monyadira. Aika kapu pansi. "Amama, anchito kugwirizana lamulo ivomela. Koma mashopu kupangana mutengo ni mulandu kuno, bangamange muntu." Akuti wovutika ndi wogula. Wogulayo ndi ine. Amalongosola bwino mayiyu.

Lachisanu
Galimoto iliyonse yoima panja ndi ya apolisi. Makapu a Lachitatu ndatsuka kawiri. Kundende amapatsa mapilisi a BP? Njira ndi imodzi: awiriwo adanenso. Ndawanong'oneza Nagama kuti Mai Banda akuwanena kuti mawu awo ndi osasa.

Loweruka
Nagama angoseka: "Anandiuza kale, tikumwera limodzi mandimu." Zakanika! Mai Tembo, pa ofu yawo, akwera basi kukawafotokozera onse awiri. Mosakalipa, dzina langa osalitchula. Pangano lathetsedwa, aliyense aziika mtengo wake. Anthu ena Mulungu anawaumba mosathamanga.

Lamulungu
Kukwaya awiriwo aima phewa ndi phewa, ine andisunthira kumapeto, pafupi ndi fani. Apolisi sanabwere, koma mwina Lamulungu sagwira ntchito. Mtengo aliyense akuika yekha tsopano, koma palibe watsitsa, ndipo woti ndimufunse sindikumudziwa. Ufa wanga utha Lachiwiri.