Masamba amene ndinaika pa njira ya ku Maganga

Mpaka lero ndikamadutsa pamene amaima akabaza ku Senga Bay, anyamata ena amatsika panjinga, kuvula zipewa, n'kuyamba kukankha njingazo nkhope zili zachisoni. Ndikangopitirira pang'ono amafa nalo phwete. Musaganize kuti ndi ulemu wopatsa mphunzitsi. Akundikumbutsa zimene ndinachita, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndifotokoze ndekha, chifukwa ofotokoza kunjaku akukokomeza kwambiri.

Ine kwathu ndi ku Dedza, kuno ananditumiza kudzaphunzitsa. Zamasewera pasukulu pathu ndimayang'anira ndine (osati chifukwa chodziwa, koma wezulo ndinagula ndine). Tsiku lina tinali pa loji ina tikuonera pa TV mpikisano wa njinga wa dziko lonse. Njira yake inali mapiri okhaokha, ndiye mkangano unabuka. Ena amati n'kukondera, anthu aliwiro awapondereza. Ena amati wosadziwa kukwera phiri asamadzitche wanjinga. Ine, pakamwa panga posadziwa kutsekeka, ndinaimirira n'kunena kuti njira yachilungamo izikhala ndi zonse, pathyathyathya, pamchenga ndi pachitunda, kuti apambane wodziwa zonse. Sindinadziwe kuti mwini loji akukonza mpikisano wa akabaza ndi amalonda apanjinga, mphoto yake njinga yatsopano. Anandigwira paphewa nati, "Aphunzitsi, njira yathu mutikonzere inuyo." Ndinavomera ndikumwetulira ngati munthu wanzeru.

Vuto linali ili. Nthawi imeneyo ndinali pa chibwenzi ndi Esinati wa ku Maganga, ndipo ankhoswe anga anali atapita kale kukafunsira. Mwini mbumba, amalume ake a Esinati, anali a Malizani, ndipo anangoyankha kuti amva. Miyezi inkapita, yankho lenileni osabwera. Esinati anandinong'oneza kuti amalume akewo ndi amayi ake, a Nachisale, sankalankhulana chifukwa cha dimba la mpunga, ndiye panalibe wokhala pansi ndi mnzake kukambirana za ife. A Malizaniwo ntchito yawo ndi yothamangitsa nsomba panjinga kuchokera kunyanja kupita ku boma m'mamawa ulionse. Pa msewu wa tala palibe amawapeza, koma chitunda amadana nacho chifukwa cha bondo.

Anandipeza kusukulu okha.

"Aphunzitsi, ndamva kuti njira ili m'manja mwanu."

"Eya, malume." (Ndinali nditayamba kale kuwatchula malume, ngakhale chilolezo ndinalibe.)

"Njinga ndi liwiro. Nsomba ikatuluka m'madzi sidikira munthu. Ikani tala yekhayekha, kunyanja mpaka ku boma, tithane." Anakwera njinga yawo, kenako anatembenuka. "Nkhani yanu ija tidzayankha mpikisano ukatha."

M'mawa mwake kunabwera a Kamphinda, ogulitsa makala a ku Chitala, munthu wa miyendo ngati minsi. Iwo anati pa tala ngakhale mwana amathamanga, ndiike chitunda aoneke amuna. Anawonjezera mwaulemu kuti chitunda chikasowa, makala nawonso akhoza kusowa ku nyumba za aphunzitsi. Aphunzitsi anzanga atamva zimenezi anayamba kundiyang'ana ndi diso lofiira.

Sabata yonse imeneyo ndinkangoganiza za njirayo. Ndikaganiza tala, ndimaona anzanga akuphikira mapesi. Ndikaganiza chitunda, ndimaona Esinati akukwatiwa ndi wina. Pomaliza ndinabwerera ku nzeru zanga za pa TV zija: ayambire pa tala, akhotere njira yafumbi ya ku Maganga, awoloke mchenga, akwere kachitunda, athere pa bwalo la sukulu yathu. Ndivomereze pano kuti njira yafumbiyo ndinaisankha chifukwa imadutsa pakhomo pa a Nachisale. Iwo ankadwaladwala, sankayenda patali, ndiye ndinkafuna aone ali pakhonde kuti mkamwini wawo wam'tsogolo ndi munthu woyendetsa zinthu. A Malizani atamva za njirayi anangoti, "Tiona." Mawu amenewo ndinagona nawo, ndinadzuka nawo.

Pamalo pokhoterapo pali tinjira tingapo tofanana, choncho panafunika chizindikiro. Laimu wolembera pansi mwini loji anaiwala kugula. Ine, munthu wothetsa mavuto, ndinapita kuchigayo kukatenga gaga. Madzulo ake ndinajambula muvi waukulu woyera pakamwa pa njira ija, wooneka patali. Ndinaima n'kumausirira ndithu. (Kwathu ku Dedza mbuzi timamangirira. Za kuno zimayenda ngati zili ndi chiphaso.)

Tsiku la mpikisano ndinawauza onse kuti akaona chizindikiro akhotere pomwepo. Ndinaimba wezulo, iwo n'kuliyatsa liwiro, a Malizani ali patsogolo mutu uli pansi. Ine ndinakwera njinga yamoto imene ndinabwereka kwa ahedi, kuti ndikafike msanga pomalizira. Nditafika pokhoterapo ndinaima n'kuyang'ana pansi. Muvi kunalibe. Panali mbuzi zokhazokha, yaikulu ikunyambita kansonga komaliza uku ikundiyang'ana m'maso.

Ndinacheuka, kutali ndinaona opikisana aja akubwera. Woti ndimusiye pamalopo panalibe, ine ndinkafunika kubwalo. Pambali panali mtengo wa nimu. Ndinathyola nthambi zamasamba zambiri, n'kuziyala mopingasa pakamwa pa njira yafumbiyo kuti aliyense aone, ndipo ndinanyamuka.

Inde, ndikudziwa. Musandiuze. Ndinabadwira m'dziko lomwe lino, maliro ndapitako ambirimbiri, masamba oterowo ndawatsikirapo panjinga ine ndemwe. Koma mphindi imeneyo m'mutu mwanga munali madalaivala a malole amene amaika masamba pamsewu galimoto ikawonongeka. Mantha amachotsa nzeru.

Kubwalo anthu anali atadzaza. Mwini loji anaima pafupi ndi njinga yatsopano ija, Esinati ali ndi ndowa ya madzi oti othamanga amwe. Tinadikira. Dzuwa linakwera, panjira pali zii. Mwini loji anayang'ana wotchi, kenako anayang'ana ine. Ndinamuuza kuti mchenga ndi umene ukuwachedwetsa, umu ndi mmene ndinakonzera.

Kenako kunadutsa amayi angapo atasenza nkhuni, wina kabeseni ka ufa, akuyenda mofulumira kulowera ku Maganga. Esinati anawafunsa kuti kwagwanji.

"Zovuta, mwanawe. Masamba aikidwa panjira ya kwa a Nachisale." Mayi woyankhayo atamuzindikira anagwira pakamwa.

Ndowa inagwa. Esinati anakuwa, "Mayi anga ine!" n'kuyamba kuthamanga. Inenso ndinathamanga pambuyo pake, njinga yamoto kuiwala, misozi ili mbwembwembwe, chifukwa mayi aja ndinkawakonda ndithu. Ndikupukuta misozi ndi dzanja, ndinamva kuwawa pamilomo. Kunali kuwawa kwa nimu. Ndikunena zoona, kwa kanthawi ndinasowa chimene ndikuopa kwambiri: kuti mayiwo amwaliradi, kapena kuti ali moyo.

Pansi pa kachitunda tinakumana ndi mpikisano wanga. Amuna onse anali wapansi, pamzere, zipewa zili m'manja, akukankha njinga mwakachetechete. Patsogolo, patali ndithu ndi anzawo, panali a Kamphinda, akukankha mosatopa, poti kukankha njinga yolemera ndi ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku.

"Aphunzitsi, pepani ndi zovutazi," anatero motsitsa mawu. "Koma masamba achiwiri ali pati? Chitsikireni ku tala kuja sitinawaone."

Apa ndi pamene ndinamvetsa kukula kwa tsoka langa. Masamba a maliro amaikidwa mbali ziwiri, poyambira ndi pothera, ndipo pakati pakepo munthu sakwera njinga. Ine ndinaika poyambira pokha. Anthuwo anayenda mchenga wonse akudikira pokwerera, ndipo akanatha kufika ku Chipoka akukankhabe.

Tinafika pakhomo pa a Nachisale. Pabwalo panali anthu ambiri, ena atakhala kale pansi, amayi ena misozi ili m'masaya koma osadziwa ngati apitirize kulira. Pakhonde panali a Nachisale eni ake, amoyo, lichero la mpunga lili pamiyendo. A Malizani anali atakhala padothi atagwira mapazi a mlongo wawo, akupuma mwawefuwefu. Anthu anandiuza pambuyo pake kuti anafika pokhoterapo ali patsogolo kwambiri, ataona masamba anaponya njinga m'munda wa chinangwa, n'kuthamanga wapansi ndi bondo lawo lomwelo akulira kuti mlongo wawo wapita asanakhululukirane.

A Nachisale anayang'ana khamu lonselo. "Ndikufunsa, wandipha ndani ine?"

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. A Malizani anadzuka pang'onopang'ono n'kufunsa kuti waika masamba ndani. Ndinagwada pafumbi pomwepo.

"Ndine, malume. Mbuzi zinadya muvi."

"Mbuzi zinadya chiyani?"

Ndinafotokoza za gaga. Wina kumbuyo analephera kudzigwira, ndipo bwalo lonse linaphulika ndi kuseka, kupatula anthu atatu amene ine ndinkafuna kuti aseke. Esinati sanandiyang'ane n'komwe. Njinga yatsopano anatenga a Kamphinda, amene anafika pomalizira akukankhabe, chipewa chili m'manja. Mkangano wa pa TV uja unatha choncho: sanapambane waliwiro, sanapambane wokwera phiri, anapambana wodziwa kukankha.

Masiku otsatira anali owawa. Esinati sankayankha foni. Ndinapereka nkhuku yopepesera kwa a Nachisale ndi ina kwa akuluakulu a m'mudzi, ndipo ndinayamba kufunsa mmene munthu amapemphera kusamutsidwa kubwerera ku Dedza. Kenako uthenga unabwera woti ndipite ndi ankhoswe anga.

Tinawapeza atakhala pamphasa imodzi, a Malizani ndi mlongo wawo, akudya mtedza m'mbale imodzi. Ine ndinakhala patali, maso pansi.

"Aphunzitsi, njinga munandimana," anatero a Malizani. "Ndinali nditawina ine. Bondo ili mpaka lero silikupindika." Anaponya mtedza m'kamwa. "Koma tsiku lija ndinalira mlongo wanga iye akundimva. Ambiri amalira wina atatseka kale maso. Dimba lija ndamusiyira. Mwanayo tengani."

Ndinayamba kuwomba m'manja, koma anakweza chala.

"Chinthu chimodzi. Tsiku la maliro anga masamba mudzaike ndinu, poti luso muli nalo. Koma mudzaike mbali zonse ziwiri, anthu adzakwere njinga zawo."

Tinakwatirana. A Nachisale akadali moyo, ndipo alendo akabwera amandionetsa kuti, "Uyu ndi mkamwini wanga amene anandipha." Chaka chino mwini loji akufunanso mpikisano, ndipo mkangano wa tala ndi chitunda wayambiranso. Munthu wanzeru akanakhala chete. Ine laimu ndagula kale, ndipo ndapeza kachitunda kena kabwino kuseri kwa Maganga. Chovuta n'chakuti wezulo yanga Esinati wabisa, ndipo akukana kunena kumene ili.