Pasejata ya ine ndi aNanyoni

Mpaka lero ndikamadutsa pamsika wa Tsangano, amayi ogulitsa kachewere amandikuwira kuti, "Odwala aja ali bwanji?" kenaka n'kufa nalo phwete. Palibe anadwala, abale anga. Lekani ndifotokoze ndekha, ena asanakuuzeni zowonjezera.

Zinayamba ndi aNanyoni, mayi a kunyumba kwanga. Tsiku lina tikuchokera ku Misa, ine patsogolo iwo m'mbuyo monga mwa masiku onse, anangoti, "Bambo a Tadala, chikwatiraneni ine nkhope yanu pamsewu sindiidziwa. Ndimadziwa nkhongo basi." Ndinaseka, iwo osaseka. Sabata yonseyo ankangondiyankha kuti "eya" ndi "ayi". (Amene muli pabanja mukudziwa kuti "eya" wotereyu amapweteka kuposa kukalipiridwa.) Ndinachita mantha ndithu, chifukwa aNanyoni si munthu woumira mawu.

Ine ndine kalipentala, ndipo nthawi imeneyo ndinkakonza mabenchi ku parishi. Wansembe wathu anali mkulu wina wa ku Italiya, wokonda nkhani kwabasi. Ataona kuti ndikungopinda misomali, anandifunsa chavuta, ine n'kuulula.

"Aa, mankhwala ake ndi pasejata," anatero. Akuti kwawoko dzuwa likapendeka anthu amasamba, kutchena, mwamuna n'kugwira mkazi wake pamkono, n'kumayenda pang'onopang'ono mumsewu.

"Kupita kuti, Bambo?"

"Kulikonse ayi. Kungoyenda."

Mumtima ndinati azunguwa ntchito alibe eti, koma mawuwo anandikomera pakamwa. Pasejata! Ndinapita nawo kunyumba ngati ndatola chikwama.

Loweruka madzulo ndinavala jekete ya ku Joni yomwe anandisiyira malemu bambo anga. ANanyoni anavala chitenje chatsopano, ndipo poti Tsangano ndi Tsangano, anafunda kabulangete pamwamba. Ndinawagwira pamkono. Tsono poti sindinazolowere, ndinagwira ndi manja awiri, ngati ndikuwolotsa nkhalamba pamtsinje. Msewu ndinasankha wosalala uja wotsikira kuchipatala. (Mwaona kale pomwe ndinalakwitsa? Ine sindinaone.)

Woyamba kukumana naye anali aGama, oyandikana nafe nyumba, ali panjinga. Anatsika njinga isanaime.

"Kwagwanji, achimwene?"

"Palibe. Tikungoyenda."

"Mukupita kuti?"

"Kulikonse ayi."

Anayang'ana bulangete, kuyang'ana jekete, n'kupukusa mutu. "Limbani mtima," anatero motsitsa mawu, n'kupalasa njinga ngati akuthamangitsidwa ndi njuchi.

Pofika pamjigo, amayi onse anatula ndowa. "Mayo, aNanyoni! Zayamba liti?" Wina anawagwira pachipumi n'kufuula kuti thupi latentha. Kutenthako kunali kwa manyazi, koma ndani akanandimvera? Ndinayesa kufotokoza kuti ndi mwambo wa ku Italiya, woyenda popanda kopita. Mayi wina anandiyankha kuti, "Abambo inu musabise matenda. Munthu wamkulu sayenda opanda kopita." Ndiye onse anayamba kutitsatira, mwakachetechete, manja kumbuyo. Wina anayambitsa nyimbo.

Posakhalitsa tinamva njinga yamoto. AGama anali atakafika kale kwa alamu anga, achimwene awo a aNanyoni, munthu amene sanakhutirepo nane chiyambire. Alamuwo anatsika maso ali psuu.

"Alamu! Mlongo wanga akudwala, inu n'kumamuyendetsa wapansi? Mwavala ndi jekete yomwe, mukufuna mujambulidwe?"

Apa ndinayang'ana aNanyoni. Akanangonena zoona, dzina langa likanathera pomwepo, mudzi wonse ukuonerera bambo wa zidzukulu akuyeserera chibwenzi cha azungu. Iwo anandiyang'ana kanthawi, kenaka anakhosomola kakhosomo kabodza. "Mutu," anatero.

Anawakweza panjinga, mwini njinga kutsogolo, alamu kumbuyo kuwagwirizira, ulendo wa kuchipatala. Ine ndinatsatira chothamanga mufumbi, jekete ya ku Joni ikuuluka. Pasejata yanga yoyamba ndinaimaliza ndekha, ndikupuma ngati galu.

Anamwino sanapeze kanthu, anangoti mayiwa apumule. Ndiye anapumuladi! Masiku angapo amayi a mu Mphakati wathu wa kutchalitchi ankabwera ndi phala, ena kutunga madzi, ena kusesa. Ine aliyense wolowa ankandisiyira uphungu wake wa mmene mwamuna amasamalirira mkazi. Ndinangoti "zikomo, ndamva" mpaka pakamwa kuuma.

Alendo atatha, ndinakhala pamphepete pa mphasa n'kupepesa. ANanyoni anaseka mpaka misozi, kuseka komwe ndinali nditakusowa sabata yonse ija.

"Bambo a Tadala, mukupepesa chiyani? Kuchokera pakhomo mpaka pamjigo paja munali pambali panga. Ndinaona kuti mukachita manyazi mphuno yanu imatuluka thukuta. Zaka zonsezi ine osadziwa."

Ine ndinangogwira mphunoyo.

Mukuganiza kuti ndinasiya? Ayi ndithu. Loweruka lililonse madzulo timanyamukabe, phewa ndi phewa, msewu wokwera osati wa kuchipatala. Kungoti ine ndimanyamula khasu, iwo amasenza dengu, ndipo aliyense amangotipatsa moni n'kudutsa. Mudengumo mulibe kanthu, koma chonde musakawauze aGama.