Mipando Isanu ndi Itatu, Apongozi Amodzi

Lolemba

Ndalama zopumira ntchito zalowa. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri ndikumeza fumbi la kufakitale, lero foni yangolira kamodzi, basi. Palibe ng'oma, palibe nthungululu.

Ndikugula galimoto. Yaikulu, yam'mwamba, ija yoti ukaima pamphambano anthu amayamba kukupatsa moni asanaone kuti ndiwe yani.

Okwera:

1. Ine, pachiwongolero.
2. Amake Tamara, mkazi wanga.
3. Tamara, mwana woyamba.
4 ndi 5. Mapasa. Amadya ngati anthu anayi, koma pokhala ndi awiri.
6. Dalitso.
7. Chisomo.
8. Apongozi.

Nambala eyiti ndiye nkhani yonse. Apongozi, mayi ake a mkazi wanga, atha miyezi isanu ndi itatu osaponda kutchalitchi. Mawondo. Ulendo womaliza kondakitala wa minibasi anawanyamula m'chiuno ngati thumba la makala, amvekere, "Tiyeni gogo, taimu!" Kuyambira tsiku limenelo amapemphera pakhonde, okha, Baibulo pamiyendo.

Chaka chija fakitale inatiimitsa miyezi khumi ndi inayi, iwo ankakazinga vitumbuwa n'kukagulitsa kusiteshoni. Ana anga sanagone ndi njala ngakhale tsiku limodzi. Sindinawathokozepo. Ndingawathokoze bwanji? Kwathu mkamwini ndi apongozi sayang'anana m'maso, sakhala mphasa imodzi, salankhulana popanda munthu wapakati. Makolo athu anabwera nawo mwambowu pa sitima pobwera kudzagwira ntchito kuno ku Kafue, ndipo sunatayike panjira. Zaka makumi awiri ndi zinayi pabwalo limodzi: iwo akatsokomola pakona ya nyumba, ine ndimatembenuka n'kuyamba kuwerenga mapapaya.

Ndiye zikomo wanga adzakhala wa matayala anayi. Lamulungu likubwerali, tonse eyiti, galimoto imodzi, ine ndikuyendetsa, mpaka pakhomo la tchalitchi.

Ndalemba. Ndasainira.

Lachiwiri

Ku Lusaka, kukaona yatsopano. Nyumba yagalasi lokhalokha, pansi poterera moti ndikuyenda ngati ndavala nsapato za eni. Wogulitsa wa tayi yofiira wandipatsa tiyi ndisanafunse kanthu. Izi zandikayikitsa.

Zomwe ili nazo:

- mipando yotenthetsa matako (ku Kafue! mwezi wa Okutobala!)
- kamera yoonera kumbuyo
- chitseko chakumbuyo chotseguka chokha ukagwedeza phazi
- fungo labwino kwambiri

Ndafunsa mtengo. Wanena. Ndafunsa ngati mtengowo ndi wa zonse zitatu zaima pamenepo. Akuti ndi wa imodzi. Ndamaliza tiyi wanga bwinobwino, mpaka shuga wapansi, kenako ndamuuza kuti mtundu wa penti sunandifike pamtima.

Chigamulo: yoyendapo kale. Galimoto yatsopano siidziwa misewu yathu, ingathe kukhumudwa.

Madzulo. Ndakumbukira chinthu: magalimoto amenewa ndi aatali, ndipo mawondo a apongozi ali ndi malire. Ndapatsa amake Tamara tepi kuti akayeze pomwe phazi la mayi awo limafika akalikweza. Yankho la apongozi latuluka m'khitchini mokweza, ngakhale ndili pakhonde pomwepa:

"Uwauze atate ake a Tamara kuti mwendo wanga si thabwa."

Pomaliza ayeza ndi njerwa, ine ndili kuseri kwa nyumba ndikulemba zomwe ndikumva. Njerwa imodzi amakwera akucheza. Ziwiri amakwera ali chete. Zitatu amaitana Yesu.

Malire: njerwa ziwiri.

Lachitatu

Ndikuyenda ndi njerwa ziwiri m'chikwama. Kondakitala wafunsa ngati ndikumanga.

Ku Shimabala, kwa mlimi wa kabichi. Galimoto yaikulu ndithu, matayala amoyo. Ndawerenga mipando: isanu. Ndafunsa za mzere wachitatu. Wandilozera pakhonde. Ulipo, wonse wathunthu, nkhuku ikufungatira mazira pamenepo.

"Tizabwezapo, ba bosi, ni mabauti folo chabe. Manje tiyembekezeko nkhuku iswe."

Ndafunsa kuti yatsala ndi masiku angati. Akuti yangoyamba dzana.

Ku Chanyanya, kwa mayi wogulitsa nsomba. Msewu wake wandisuntha mafupa onse. Injini ikulira bwino, mipando yonse ilipo, mtengo wa munthu woopa Mulungu. Ndatsegula chitseko. Ndatseka chitseko.

"Fungo imasila, ba tate, mukayendako na mawindo yosegula."

Ndakhalamo mphindi ziwiri zokha mwaulemu. Pofika kunyumba mphaka wa aneba wanditsatira kuchokera pageti mpaka kuchipinda.

Amake Tamara: "Mwagula motoka olo mwagula kapenta?"

Malaya ali pachingwe. Njerwa nazonso ndazisiya panja zipitidwe mphepo.

Lachinayi

Ndaipeza!!

Pabwalo logulitsira magalimoto m'mbali mwa msewu wa ku Lusaka, kwa bambo wina wake dzina lake ba Mweemba. Yoyera, yochokera ku Japan. Mipando eyiti, ndawerenga katatu. M'mbali ili ndi chopondera. Ndatulutsa njerwa zanga, ndazisanja pansi pake. Ziwiri ndendende!

Ba Mweemba andiyang'ana nthawi yaitali. "Ba bosi, ine nagulisa mamotoka yambiri, koma muntu opima motoka na njerwa sininamuonepo."

Zofooka zake, kuti ndisadzanene kuti sindinadziwe:

- windo lakumanzere limatsika lokha, koma kukwera limafuna kulipempha
- nditafunsa za mafuta ba Mweemba ayamba kuyang'ana mitambo
- ndikayatsa injini mayi wina wa m'wailesi amandilangiza m'Chijapani, sindikumva, ndimangovomera

Makanika walowa pansi, watuluka, wapukuta manja. Akuti ifa ine nditafa kale. Ndatenga ngati mawu olimbikitsa.

Ndalipira. Ndasaina.

Kulowa m'komboni mwathu ndaliza hutala kawiri, popanda chifukwa. Ana atuluka akukuwa. Mapasa akanganirana kale mpando. Aneba aima m'mageti, ena agwira pakamwa, ena agwira m'chiuno. Nsalu ya pawindo la apongozi yasuntha pang'ono. Patapita nthawi amake Tamara abwera ndi uthenga: "Bakuti ni yaikulu."

Kwa apongozi amenewo ndi mawu ambiri. Ndasangalala ngati mwana, sindibisa.

Lachisanu

Kuyeserera za Lamulungu. Pabwalo, injini yozima. Ana atatu mzere wakumbuyo, awiri mzere wapakati pamodzi ndi agogo awo, amake Tamara kutsogolo. Ine ndatembenukira kumpanda kuti apongozi akwere momasuka. Ndamva ndodo, ndamva kupuma, ndamva chitseko. Akwera! Njerwa sizinaname.

Ndalowa. Ndamanga lamba. Ndakweza dzanja kukonza kagalasi ka pakati kaja, monga amachitira woyendetsa aliyense.

Maso.

Maso a apongozi. Onse awiri. Ali pa anga.

Zaka makumi awiri ndi zinayi tikuzembana m'makona, lero tagundana m'kagalasi kochepa ngati chikhatho. Ali ndi kachipsera pamwamba pa diso lamanzere. Sindinkadziwa. Chomwe iwo aona pa ine sindikufuna kudziwa.

Atsika okha. Opanda ndodo, opanda chopondera. Mawondo anachira kwa kanthawi.

Uthenga: "Uwauze atate ake a Tamara kuti galimoto yawo ili ndi maso."

Ndakhala pansi ndi pepala. Malo oti apongozi angakhale:

- Kutsogolo, pambali panga. Phewa ndi phewa. Ayi.
- Mzere wapakati, pakati kapena kumanzere. Galasi.
- Kuseri kwanga kwenikweni. Galasi siliwapeza ndikalipotoza, koma mawondo awo azigunda msana wa mpando wanga. Amake Tamara: "Musayese na kubafunsa."
- Mzere wachitatu. Polowa umapinda thupi ngati mpeni wa m'thumba. Ayi.
- M'buti. Ndangolemba kuti mndandanda ukwanire. Mulungu andikhululukire.

Ndinayeza kutalika, ndinawerenga mipando, ndinanunkhiza, ndinalowetsa makanika pansi. Galasi sindinaliganizire.

Loweruka

Mmawa. Ndamata kagalasi ndi pepala. Uthenga: "Pepala limagwa."

Ndamanga chitenje kuchokera chitseko ichi mpaka icho, kuseri kwa mpando wanga. Mapasa akuti ikuoneka ngati ambulansi. Uthenga: "Sindinafike pamenepo."

Ndaimbira ba Mweemba, kungofunsa chabe.

"Ba bosi, motoka timabweza ngati injini yakana, osati ngati apongozi bakana."

Ba Mulenga, aneba athu, asuzumira pampanda. Akuti kwawo pali mwambo, amaphika zakudya, amapatsana mphatso, manyaziwa n'kutha. Amake Tamara akafotokozera mayi awo zonsezo mwatsatanetsatane. Uthenga: "Kwawo."

Ndakwiya. Osati ndi iwo. Mwambo womwewu ndi umene wasunga mtendere pakhomo pano. Anzanga a kufakitale amadandaula za apongozi awo tsiku ndi tsiku, ine sindinakanganepo ndi anga, chifukwa tikanayambira pati? Koma lero ndikulakalaka nditangogogoda pachitseko chawo n'kunena kuti, mayi, kwerani, ndagulira inu.

Masana, tikudya nshima, Tamara: "Adadi, ine nili na laisensi."

Zoona. Sukulu yake ndinalipira ndine chaka chatha. Ndinkayesa ndi yongosunga m'chikwama.

Pulani yatsopano: Tamara ayendetse, apongozi kutsogolo pambali pake, ine mzere wachitatu, kumene galasi limangoona mitu ya ana. Ndakayesa. Mawondo afika m'makutu. Ndavomera. Galimoto yanga, ine kumbuyo ndi mapasa. Zilibe kanthu, bola tonse.

Amake Tamara apita ndi nkhaniyo. Akhalitsa. Mawu a apongozi akumveka mpaka pakhonde:

"Ine ndifulatire mwini nyumba msewu wonse? Munthu amene anandimangira chipinda ndi manja ake, akhale kumbuyo ngati katundu, ine kutsogolo ngati nduna? Anthu aziti anandilera ndani?"

Ndiye kumbuyo kwanga ayi. Pambali panga ayi. Kutsogolo kwanga ayi.

Ndajambulanso papepala, mabokosi eyiti. Kufakitale ndinkadziwika pa masamu. Ndasuntha ana, ndasuntha amake Tamara, ndasuntha apongozi m'bokosi lililonse. Munthu amene akusokoneza zonse ndi mmodzi yekha.

Ndamupeza.

Ndauza amake Tamara kuti mawa ine ndipita wapansi. Andiyang'ana, andiwonjezera ndiwo. Patapita kanthawi ndamva fungo la simbi yamakala kuchipinda kwa apongozi. Akusita yunifomu ya chigwirizano cha amayi.

Lamulungu

Ndatsuka galimoto, ndapukuta ndi magalasi onse. Ndapereka makiyi kwa Tamara pamodzi ndi malangizo khumi ndi limodzi. Wamva atatu.

Ndanyamuka kota pasiti seveni, wapansi, jekete paphewa.

Galimoto yandipitirira nditangodutsa njanji. Yokongola kumbuyo! Sindinaionepo ikuyenda. Tamara waliza hutala, ana akupiza manja. Mpando wotsala wakhalapo mkazi wa ba Mulenga, amene sapemphera n'komwe kwathu, akungotsikira pamsika. Fumbi lonse latsalira ine.

Ndafika nyimbo yoyamba itatha. Galimoto yaima mopingasa pansi pa mtengo wa mango, anthu akuyamikira Tamara kuti wachita bwino pa moyo wake.

M'kati, abambo mbali ino, amayi mbali iyo. Amene anamanga tchalitchi ankadziwa zinthu kuposa a ku Japan.

Nyimbo yachiwiri. Mawu aja a apongozi. Amayamba mochedwa pang'ono, amamaliza ena onse atamaliza kale. Miyezi isanu ndi itatu sanamveke m'nyumba muno. Ndayang'ana kudenga nyimbo yonse. Mkulu wa mpingo wandifunsa ngati ndaona podontha.

Titatuluka ana abalalika, amake Tamara alowa kumsonkhano wa amayi. Ndapita kukaona ngati Tamara sanaikande galimoto. Ndazungulira, ndagwada pa tayala lakumbuyo. Kudzuka pang'ono, ndaona duku loyera. Apongozi akhala kale mumpando wakutsogolo, nkhope yalunjika kutsogolo. Pafupi palibe munthu wina aliyense.

"Uwauze atate ake a Tamara," akuuza galasi lakutsogolo, "kuti ndafika."

Ndayang'ana uku, ndayang'ana uko. Palibe woti andiuze.

"Muwauze kuti ndamva," ndauza tayala. "Muwauzenso kuti zikomo. Akudziwa za chiyani."

Mango agwa penapake.

"Amva," apongozi auza galasi.

Ndagwadabe pamenepo mpaka ana abwera. Akwera onse, zitseko zatsekedwa, anyamuka.

Ndabwerera wapansi. Ndi mphindi makumi anayi, dzuwa lili paliwombo, ndipo nsapato yakumanja yayamba kuluma.