Vesi Yolapa Itakana Kuchoka pa Khoma

Iyi ndiye imandichititsa manyazi mpaka lero, koma imvani.

Kutchalitchi kwathu ku Katete kuli kompyuta yakalekale, ija yamsana ngati chulu. A Banda, mkulu wa mpingo komanso bambo a chibwenzi changa Misozi, anandipempha ine, mphunzitsi wodziwa za makompyuta, ndilembe pulogalamu yoonetsa mawu a nyimbo pakhoma. Ndinati apa ndiye pogulira ulemu kwa apongozi!

Pulogalamu yotere imafuna laibulale, zida zojambulira mawindo ndi mabatani pa sikirini. Inalipo yakale yopepuka, ya mabatani otuwa ngati phulusa, ndi yatsopano yonyezimira koma yolemera. Mnzanga wina anandichenjeza.

"Iwe, chimakina chija memore yake ndi yochepa, sichingasenze zolemera. Tenga yakaleyo."

"Apongozi aone zotuwa? Never!"

Ndinatenga yonyezimira, n'kuiyesa pa laputopu yanga basi.

Lamlungu, tchalitchi tho! Vesi yoyamba, yonena za wochimwa wobisa tchimo lake, inatuluka bwinobwino. Ndikudina batani la vesi yachiwiri, zii. Ndadinanso, zii. Kompyuta yauma.

Kwathutu anthu amaimba chimene chili pakhoma. Anabwereza vesi ija. Anaibwerezanso. Mitu inayamba kutembenukira kwa ine, thukuta kamukamu.

Ndinagwada pansi pa tebulo kufuna chingwe choti ndizimitse, uku ndikuti, "Ambuye, ndichitireni chifundo!" Kumeneko maikolofoni ili pafupi, yoyatsa.

Nyimbo inaduka. Mayi wina kumbuyo anati, "Mayo, mwana akulapa!"

Nditadzutsa mutu ndinaona nsapato za a Banda.

"Aphunzitsi, vesi imeneyi mwaiimika dala. Mwana wanga mwamutani?"

"Ayi bambo, ndi kompyuta..."

"Kompyuta imagwaditsa munthu?"

Misozi, ndi mantha akewo, anangoyamba kulira. Basi, umboni wakwana!

Madzulo omwewo ankhoswe anakhala pansi. Ndinalumbira, ndinafotokoza za memore mpaka kukhosi gwa, koma amalume anga omwe ankangogwedeza mutu. Ukwati umene tinkauyembekeza tikakolola anaukokera mwezi wotsatira, ati manyazi asanaonekere.

Chaka chonse amayi a mvano ankapatsa Misozi moni maso ali pamimba. Mwana wathu woyamba anabadwa patapita zaka ziwiri. A Banda anamunyamula, n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye inalidi kompyuta?"

Anzanga, kompyuta yokalamba muziipatsa mabatani otuwa, apo ayi idzakusankhirani tsiku la ukwati.